Ana asukulu amene anakana kukhala chete

Pa 8 Malichi 1992, Lamulungu loyamba la Lenti, m'matchalitchi a mpingo wa Katolika m'dziko muno munawerengedwa kalata ya maepiskopi imene inagwedeza dziko lonse. Kalatayo inanena poyera zimene anthu ankangonong'onezana zitseko zili zotseka: kuchepa kwa malipiro a anthu wamba, mavuto a m'zipatala, kuthithikana kwa ana m'makalasi, kumanga anthu popanda kuwazenga mlandu ndiponso kuwatseka pakamwa. Boma la chipani chimodzi linalengeza kuti kalatayo ndi youkira, kotero kupezeka nayo kunali mlandu. Arkiepiskopi James Chiona ndi maepiskopi anzake anaitanidwa kupolisi ku Blantyre, nyumba yosindikizira mabuku ya Montfort ku Balaka inatenthedwa, ndipo mwezi wotsatira Monsignor John Roche wa ku Mzuzu anapitikitsidwa m'dziko muno.

M'masiku oopsawo akuluakulu ambiri anapinda manja kudikira kuti aone kumene mphepo ilowere. Amene anayamba kutuluka pabwalo anali ana asukulu. Patangopita sabata imodzi, ophunzira a pa Chancellor College ku Zomba anayenda mumsewu kuonetsa kuti ali pambuyo pa maepiskopi, ndipo anzawo a pa Polytechnic ku Blantyre anachita chimodzimodzi. Koleji ya ku Zomba inatsekedwa, ophunzirawo nabwezedwa kwawo.

Tisaganize kuti achinyamatawa sankadziwa chimene ankachita. Nthawi imeneyo yunivesite inali imodzi yokha m'dziko muno, ndipo mwana akapezako malo banja lonse linkaika chiyembekezo pa iye. Ankadziwanso kuti pafupi ndi Zomba pomwepo pali ndende ya Mikuyu, kumene Jack Mapanje, yemwe anali mkulu wa nthambi ya Chingerezi pakoleji yawo, anasungidwa kuyambira 1987 mpaka 1991 popanda kuonekera kukhothi. Zonsezi ankazidziwa, koma anatulukabe. Mantha atayamba kusweka, ogwira ntchito m'makampani a ku Blantyre ananyanyala ntchito mu Meyi chaka chomwecho, ndipo pa 14 Juni 1993, pa riferendamu, anthu oposa 60 mwa 100 alionse anasankha ndale za zipani zambiri.

Buku la Danieli limatiuza za ana ena asukulu. Danieli ndi anzake atatu anasankhidwa kuti aphunzire zaka zitatu m'nyumba ya mfumu ya ku Babulo, ndipo chakudya chawo chinkachokera pagome la mfumuyo. Iwo anaphunzira mwakhama mpaka kuposa anzawo onse, koma sanalole kuti chakudya cha mfumu chigule chikumbumtima chawo. Pambuyo pake, anzake atatu aja atalamulidwa kugwadira fano lagolide, anakana, ndipo anauza mfumu kuti sagwada ngakhale Mulungu atapanda kuwapulumutsa m'ng'anjo. Nkhaniyi ikutiphunzitsa kuti maphunziro ndi mphatso yochokera kwa Mulungu, ndipo wophunzira ali ndi ngongole kwa Mulunguyo ndi kwa anthu amene alibe mawu, kuposa ngongole imene ali nayo kwa amene amamudyetsa.

Koma pano ife makolo tili ndi funso lovuta. Mwana akamapita kusekondale kapena kukoleji, mawu athu otsanzikana naye amakhala akuti akangolimbikira mabuku, za eni asaloweko. Sitilankhula motero chifukwa cha kuipa mtima. Tinagulitsa mbuzi ndi matumba a chimanga kuti tipeze fizi, ndipo tikudziwa kuti kulankhula chilungamo kuli ndi mtengo wake. Mu Febuluwale 2011, Blessings Chinsinga, mphunzitsi wa maphunziro a ndale pa Chancellor College, anaitanidwa ndi mkulu wa apolisi chifukwa cha zimene ananena m'kalasi. Aphunzitsi anzake, motsogozedwa ndi Jessie Kabwila, anasiya kuphunzitsa kwa miyezi ingapo pofuna ufulu wophunzitsa mopanda mantha, ndipo ena anachotsedwa ntchito, ngakhale kuti pambuyo pake anabwezeretsedwa. Mu Seputembala chaka chomwecho, Robert Chasowa, wophunzira wa pa Polytechnic amene ankadzudzula boma, anapezeka atafa pasukulupo. Komiti yofufuza imene inakhazikitsidwa mu 2012 inapeza kuti anachita kuphedwa. Palibe kholo limene lingaganizire zimenezi mtima osagunda.

Komabe tidzifunse: tikaphunzitsa ana athu onse kuyang'ana kumbali, adzalankhulira wofooka ndani? Mwana amene waphunzira kukhala chete mnzake akuzunzidwa m'chipinda chogona cha pasukulu, adzakhalanso chete mankhwala akamabedwa pachipatala chimene azidzagwirapo ntchito. Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ufulu umene tili nawo lero wolankhula pawailesi ndi kusankha atsogoleri unabwera chifukwa ana a anthu ena anaika maphunziro awo pachiswe.

Udindo wathu tsono ndi kuthandiza ana kusiyanitsa kulimba mtima ndi chisokonezo. Kutentha laibulale chifukwa chakudya chachepa si kumenyera ufulu, chifukwa amene adzavutike ndi ang'ono awo amene akubwera m'mbuyo. Kulandira ndalama za andale kuti ukagende anzako ndi kugulitsa chikumbumtima pamtengo wotsika. Danieli atakana chakudya cha mfumu sanagubuduze magome. Anapita kwa woyang'anira wawo, napempha mwaulemu kuti awayese masiku khumi. Mwana afunse mafunso atatu asanalowe m'gulu lililonse: kodi chimene tikunenachi n'choona, kodi chithandiza anthu ena kapena ife tokha, nanga njira yathuyi ivulaza ndani?

Tikumbukenso kuti kutumikira dziko sikuchitikira mumsewu mokha. Namondwe wa Freddy atakantha chigawo cha kummwera mu Malichi 2023, anthu oposa 600,000 anasowa pokhala, ndipo sukulu zambiri zinasanduka misasa ya anthu othawa madzi. Chipinda chimene dzulo chinali cha masamu chinakhala chogona cha amayi ndi makanda. Masiku ngati amenewo amatikumbutsa kuti sukulu ndi ya anthu a m'dera lake. Wophunzira amene akunyamula ndowa ya madzi kupatsa nkhalamba pamsasa akuyankha maitanidwe omwewo amene anayankha anzake a mu 1992. Kalata ya Yakobo imachenjeza kuti kufunira mafuno abwino munthu wanjala ndi wausiwa popanda kumupatsa kanthu n'kopanda phindu.

Kwa inu aphunzitsi, ana amaphunzira zambiri poona kuposa pomva. Akaona mukukana kugulitsa mayeso, mukuteteza mtsikana amene akuvutitsidwa ndi munthu wamkulu, mukufunira njira mwana wamasiye amene wasowa yunifolomu, adziwa kuti chilungamo n'chotheka. Magulu ngati SCOM ndi YCS m'sukulu zathu ndi malo abwino ophunzirira zimenezi. A YCS amaphunzitsa njira ya kuona vuto, kuliyeza ndi mawu a Mulungu, kenako kuchitapo kanthu, ndipo njira imeneyi ingagwirenso ntchito m'banja lililonse.

M'mera mpoyamba. Teremu ikubwerayi, pomulongedzera mwana sopo ndi chiponde, tiwonjezepo mawu ena. Timuuze kuti akalimbikire maphunziro, akapewe chisokonezo, koma akaona mnzake akuponderezedwa asakatembenukire kukhoma. Kenako tigwade naye limodzi, timupereke kwa Mulungu amene anasunga Danieli ku Babulo, pakuti kumene ife sitingafike ndi mwana wathu, Iye amafikako.