A Vincent Mwale ndi Ulalo wa Kazungula

Anthu a kwa Mfumu Mukuni ku Livingstone akumbukira bwino mmene malole anali kugonera pamzere ku Kazungula, kuyembekeza pantuni yowaolotsa Zambezi. Mu 2003 pantuniyo inagubuduzika, anthu 18 namira.

Pamene ulalo unatsegulidwa pa 10 May 2021, nduna yoyang'anira miseu ya dziko anali a Vincent Mwale, mwana wa kum'mawa, phungu wa Chipangali kuyambira 2006. Anayamba ndi unduna wa zamasewera mu 2015, napita ku maboma aang'ono, nafika ku miseu mu 2019. Ulalowo, wa mamita 923, anaupeza utayambika kale mu 2014; gawo lao linali kuufikitsa kumapeto. Patangopita miyezi itatu, cipani cao ca PF cinagonja pa masankho.