Ng'ombe ikagwa itangobereka, musadikire kuti kuche

M'maboma a Thyolo, Mulanje ndi Chiradzulu mabanja ambiri amadalira ng'ombe imodzi yamkaka. Ndi yomwe imapatsa ana mkaka wothira m'phala, ndiponso ndalama za fizi zimachokera pomwepo. Koma ng'ombe yotereyi ingathe kufa m'maola ochepa itangobereka, chifukwa cha vuto lotchedwa milk fever.

Dzinali limasocheretsa. Ng'ombeyo sitentha thupi, ndipo mukaigwira makutu mupeza ali ozizira. Si matenda opatsirana, ngakhale kwa anthu. Gwero lake ndi kuchepa kwa mchere wa kashiamu m'magazi.

Kwa munthu ndi chiweto chomwe, kashiamu ndi amene amathandiza minofu ndi mtima kugwira ntchito. Ng'ombe ikabereka, mkaka woyamba wachikasu uja umakoka kashiamu wambiri mwadzidzidzi. Thupi likachedwa kutapa wina m'mafupa, minofu imafooka.

Vutoli limabwera kwambiri m'masiku atatu oyamba. Limakonda ng'ombe zotulutsa mkaka wambiri monga Friesian ndi Jersey, makamaka zomwe zabereka kachitatu kapena kupitirira apo.

Poyamba ng'ombe imasiya kudya, imanjenjemera ndi kudzandira. Kenaka imagona pansi osatha kudzuka, mutu itaukhotetsera kunthiti. Ikafika pogona cham'mbali, mimba imatupa ndipo imfa imakhala pafupi.

Mukaona zizindikirozi, itanani mlangizi wa ziweto nthawi yomweyo, ngakhale usiku. Iye amabaya mankhwala a kashiamu mumtsempha pang'onopang'ono, ndipo ng'ombe zambiri zimadzuka pasanathe maola awiri. Musayese kubaya nokha, chifukwa kashiamu akalowa mothamanga amaimitsa mtima.

Podikira mlangiziyo, ikhazikeni chogonera pachifuwa ndi kuitsamiritsa ndi matumba a udzu. Ifunditseni ngati kukuzizira. Musaimwetse madzi kapena mankhwala ndi botolo. Ng'ombe yotere imalephera kumeza bwino, choncho madziwo amalowa m'mapapo n'kuyambitsa chibayo.

Kupewa kumayamba isanabereke. Lembani tsiku lomwe idatenga bere, poti bere la ng'ombe limatha miyezi isanu ndi inayi ndi masiku ochepa. Lekani kuikama kutatsala miyezi iwiri, ndipo isanenepe mopitirira.

M'masabata atatu omaliza, chepetsani zakudya za kashiamu wambiri monga lusina ndi laimu wosakaniza m'madeya. Zikumveka zodabwitsa, koma kutero kumaphunzitsa thupi kutapa kashiamu m'mafupa nthawi yovuta isanafike. Ikangobereka, bwezerani zakudyazo mokwanira. Funsaninso mlangizi za mchere wa maginiziyamu, womwe umathandiza pa ntchito yomweyi.

Ng'ombe yomwe idagwapo kale ingathe kugwanso pa bere lotsatira, ndiye dziwitsani mlangizi tsiku lisanafike.

Inu odzipereka pa zaumoyo m'midzi, poyendera mabanja funsaninso ngati m'khola muli ng'ombe ya bere, ndiponso ngati eni ake ali ndi nambala ya foni ya mlangizi wa ziweto. Ng'ombeyo ikafa, woyamba kusowa mkaka ndi mwana wapakhomopo.