Kuyeza Dziko Kuchokera M'ndege: Phindu Lake ndi Malire Ake

Awerengi athu ambiri akuidziwa ntchito ya anthu oyeza malo, amene kale ankatha miyezi yambiri m'tchire kuti ajambule mapu a dera limodzi. Lero ntchito yomweyo ikuchitika kuchokera m'ndege, ndipo nkoyenera kuti timvetse mmene ikuyendera.

Ndege imanyamula makina otchedwa lidar, amene amaponya kuwala kwa laser pansi nayesa nthawi imene kuwalako kwatenga kuti kubwerere. Popeza kuwala kumayenda makilomita pafupifupi 300,000 pa sekondi, nthawiyo imaulula mtunda, ndipo miyezo yambirimbiri ikaikidwa pamodzi imaonetsa zitunda, zigwa ndi msinkhu wa mitengo.

Makina akale amalira kuwala kochuluka ndithu kuti alembe muyezo umodzi. Atsopano amamva ngakhale kachidutswa kamodzi kokha ka kuwala, kamene akatswiri amakatcha photon. Chifukwa cha ichi ndege ikhoza kuuluka pamwamba kwambiri ndi kuyeza malo aakulu pa ulendo umodzi. Makina a Leica SPL100, amene anatuluka mu 2017, amagawa kuwala kobiriwira m'timizere 100, ndipo amatha kulemba miyezo 6 miliyoni pa sekondi. Mu 2016 akatswiri a University of Maryland ku America analengeza kuti makina a mtundu umenewu anayeza dera lonse la Garrett County, la masikweya kilomita pafupifupi 1,700, m'maola 12 okha.

Koma tcheru chotere chili ndi vuto lake. Makinawo amamvanso kuwala kwa dzuwa, ndipo amakulemba ngati muyezo, nthawi zina m'malere, nthawi zina kunsi kwa nthaka. Tsono makompyuta ayenera kupeta miyezoyo monga amayi apetera mphale m'lichero, ndipo pakupetapo ina yoona ikhoza kutayika pamodzi ndi gaga, ina yonama nkutsala.

Nkhaniyi si yaing'ono. Pa chigwa chosalala, kuphonya pang'ono msinkhu wa nthaka kungachititse kuti sukulu kapena msewu umangidwe pa njira ya madzi osefukira. Kotero Boma lililonse logula mapu otere liyenera kutumizabe oyeza malo ake kukatsimikiza miyezoyo pansi, lisanavomereze ntchito ndi kulipira ndalama za anthu.