Unamwino: mbewu yocha msanga kapena yocha mochedwa?

Mlimi wa kuno ku Mulanje asanagule mbewu ya chimanga amayamba wasuzumira m'nkhokwe. Ngati ufa uli pafupi kutha, amatenga yocha msanga kuti ana apeze mondokwa njala ya mu Febuluwale isanawapinde. Ngati chakudya chilipo chomufikitsa patali, munda ndi wachonde, feteleza naye alipo, amatenga yocha mochedwa, yomwe imabereka kwambiri koma imafuna mvula yokhalitsa. Mwana amene wakhoza mayeso a MSCE ndipo mtima wake uli pa unamwino, naye ali pa chisankho chonga chomwechi.

Yocha msanga ndi ya kukoleji. Pakhomo pathu pomwepa pali Mulanje Mission College of Nursing and Midwifery, ya mpingo wa CCAP mu sinodi ya Blantyre. M'maboma oyandikana nafe muli Holy Family ku Phalombe, St Joseph's ku Nguludi ndi Malamulo ku Thyolo. Onsewa ali pansi pa bungwe la CHAM, lomwe limayang'anira zipatala za mipingo, pomwe boma lili ndi Malawi College of Health Sciences. M'makoleji otere ambiri amaphunzira zaka zitatu n'kutuluka ndi dipuloma, n'kumadziwika kuti ma NMT. Amenewa ndi anamwino ndi azamba amene mumawapeza m'zipatala zing'onozing'ono monga ku Chonde kapena ku Muloza, akuyeza amayi oyembekezera, kuchiritsa amayi usiku ndi kubaya jakisoni. Ophunzira amazolowera wodi msanga chifukwa chipatala chimakhala pafupi ndi kalasi.

Yocha mochedwa ndi ya kuyunivesite. Kamuzu College of Nursing, yomwe idakhazikitsidwa mu 1979, idaphatikizana ndi College of Medicine mu 2021 n'kukhala Kamuzu University of Health Sciences, yomwe ambiri amangoti KUHeS. Digiri ya unamwino ndi uzamba imatenga zaka zinayi, ndipo imapezekanso ku Mzuzu University ndi m'mayunivesite ena omwe si aboma. Wotuluka kumeneku amayambira pa giredi yapamwamba, malipiro ake amakhalako bwino, ndipo ndi amene amapatsidwa wodi kuti aziyang'anira. Akafuna kudzakhala metroni, mphunzitsi wa anamwino kapena kuchita masitazi, njira imakhala yotseguka kale. Koma mbewu imeneyi imafuna nthaka yake. Malo m'mayunivesite aboma ndi ochepa, mpikisano ndi waukulu, ndipo pamafunika makirediti asanu ndi limodzi, mphamvu yake ili pa Chingerezi, masamu, bayoloje ndi sayansi zinazo. Ngongole za ophunzira zomwe boma limapereka zimathandiza, koma si onse opempha amene amalandira, ndipo thiransipoti ya ku Blantyre kapena ku Lilongwe, sopo ndi chakudya zimachokerabe kumudzi.

Pali mawu awiri amene amasocheretsa makolo. Ena amati wa kukoleji ndiye kuti walephera. Limeneli ndi bodza: m'midzi yathu, manja amene alandira ana ambiri ndi a ma NMT. Ena amati palibe kusiyana chifukwa mwana adzawonjezera maphunziro m'tsogolo. Zoona, mwayi wowonjezera ulipo, ndipo ambiri akwera motero mpaka kufika pa digiri. Koma zimatenga zaka zina, fizi ina, chilolezo cha mabwana kuntchito, ndipo nthawiyo munthu amakhala ali ndi banja ndi abale amene akumudalira. Amene walowera kukoleji ali ndi loto la digiri ayambiretu kusunga ndalama pa malipiro ake oyamba.

Njira zonsezi zimakumana pa khomo limodzi. Wa dipuloma ndi wa digiri yemwe sangagwire ntchito asanakhoze mayeso a bungwe la Nurses and Midwives Council of Malawi n'kulembetsedwa m'kaundula wake. N'chifukwa chake musanalipire tambala iliyonse, funsani ngati sukuluyo ndi maphunziro akewo adavomerezedwa ndi bungweli. Pepala lokongola la sukulu yosavomerezeka silidyetsa munthu. Dziwaninso kuti ngakhale anamwino akuchepa m'zipatala zathu, boma sililemba onse akangomaliza, ndipo ambiri amakhala pakhomo kudikira mayina.

Tsono inu makolo, khalani pansi ndi mwana wanu, satifiketi yake ili pamphasa, muwerengere limodzi mapointi ake ndi zimene nandolo, chinanazi kapena malipiro a kuesiteti ya tiyi angakupatseni chaka ndi chaka. Ngati mapointi akulola ndipo banja lingapirire zaka zinayi, apite kuyunivesite. Ngati chimodzi mwa ziwirizi chikuperewera, alowe kukoleji mosachita manyazi, ndipo alembere malo mbali zonse ziwiri nthawi isanathe.