Strive Masiyiwa: injiniya amene anatengera boma kukhoti chifukwa cha foni

Mayi wa ku Harare akamatumiza ndalama kumudzi kudzera pa EcoCash, mwina sadziwa kuti foni ili m'manja mwakeyo inachita kulimbiranidwa m'makhoti kwa zaka 5. Amene anamenya nkhondoyo ndi a Strive Masiyiwa, amene anayambitsa kampani ya Econet.

A Masiyiwa anabadwa mu 1961 ku Rhodesia, dziko lomwe lero ndi Zimbabwe. Ali ndi zaka 7, banja lawo linasamukira ku Kitwe m'dziko la Zambia. Sekondale anakaphunzira ku Scotland, ndipo mu 1983 anatenga digiri ya uinjiniya wa zamagetsi ku University of Wales. Chaka chotsatira anabwerera kwawo n'kuyamba ntchito ku PTC, kampani ya boma ya positi ndi matelefoni. Sanakhalitseko. Anasiya ntchito n'kutsegula kampani yawo ya Retrofit Engineering.

Mu 1993 anapempha chilolezo chokhazikitsa mafoni a m'manja. Anawakaniza, poti lamulo linkalola PTC yokha kuchita bizinesi ya matelefoni, chonsecho anthu ambiri m'dzikomo analibe foni. Ena akanangopinda manja, koma iwo anakasuma. Mfundo yawo inali yakuti kumana nzika njira yolankhulirana n'kuziphwanyira ufulu wolankhula womwe uli m'malamulo oyendetsera dziko. Mu 1995 khoti la Supreme linagwirizana nawo, komabe boma linapitiriza kuzengereza. Kuona maso a nkhono n'kudekha: Econet inayamba kugwira ntchito mu 1998.

Kuchokera apo zitseko zinatseguka. Anayambitsa nawo Mascom ku Botswana ndi Econet Wireless ku Nigeria, ndipo mu 2011 Econet inabweretsa EcoCash. Nzeru zawo zinawafikitsa m'mabodi a Unilever ndi Netflix, ndipo mu 2020 African Union inawasankha kukhala nthumwi yapadera pa nkhondo yolimbana ndi Covid-19. Iwo ndi akazi awo, a Tsitsi, akhala akulipirira sukulu ana amasiye kudzera mu Higherlife Foundation kuyambira mu 1996.

Chuma chawo chimatamandidwa, koma chachikulu chimene anasiyira Africa ndi chigamulo cha mu 1995 chija. Wachinyamata amene wakanizidwa chilolezo lero adziwe kuti boma likakana popanda chilungamo, khoti lilipo.