Kapiritsi ka mtima komwe ntchito yake siimveka m'thupi

Munthu amene anagonekedwa m'chipatala chifukwa cha mtima amatuluka ndi timapepala tingapo ta mankhwala. Ena ndi a BP, ena otsitsa mafuta m'magazi, ndiye pamakhala kapiritsi kena kakang'ono, komwa kamodzi patsiku. Akamva kuti ndi asipirini, ambiri amadabwa. Asipirini yemweyu wa pagolosale, womwera mutu? Pakatha miyezi iwiri pachifuwa pasiya kuthina, phuma lachepa, munthu wayambanso kupita kudimba, ndipo mankhwala oyamba kuiwalika amakhala omwewa. Mutu sukuwawa, m'thupi simukuphwanya, nanga amwerenji?

Dokotala sanam'patse asipirini ameneyu chifukwa cha ululu. Anam'patsa kuti magazi asaundane m'mitsempha yodyetsa mtima, ndipo imeneyi ndi ntchito yomwe munthu saimva ngakhale ikuyenda bwino. Pakamwa timangoti ndi "mankhwala osungunula magazi", koma kunena zoona magazi sasungunuka ayi. Chimene chimasintha ndi khalidwe la tinthu tina ta m'magazimo totchedwa mapulateleti.

Mapulateleti ndi aang'ono kuposa maselo ofiira. M'kadontho ka magazi kochepa ngati mutu wa phini amakhalamo pakati pa 150,000 ndi 450,000. Mukadzicheka posenda chinangwa, ndiwo amafika msanga pabalapo. Amamatirira, amaitanizana, amaunjikana mpaka potuluka magazi patatsekeka. Ndi alonda abwino, koma sadziwa kusiyanitsa bala la pachala ndi bala la m'kati mwa mtsempha. Kwa munthu amene wakhala zaka ndi BP, shuga, fodya kapena mafuta ambiri m'magazi, makoma a mitsempha amayanga mafuta ngati dzimbiri m'paipi yakale. Tsiku lina poyangapo pamang'ambika. Mapulateleti amathamangirapo monga mwa ntchito yawo, koma mtsempha wa mtima ndi wopapatiza, kukula kwake ngati chubu cha inki cha m'bolopeni, ndiye chibuma chawocho chimatseka njira yonse. Mnofu wa mtima umene wasowa magazi umayamba kufa ola lisanathe. Zikachitikira m'mutu, ndiye sitiroko ija timati kufa ziwalo.

Asipirini ndi wakale. Makungwa a msondodzi anthu ankachizira malungo ndi ululu kuyambira kalekale, ndipo mu 1897 Felix Hoffmann wa kampani ya Bayer ku Germany anapanga mankhwala ochokera ku mphamvu yomweyo, amene anayamba kugulitsidwa mu 1899. Kwa zaka makumi asanu anali a mutu ndi nyamakazi basi. Mmodzi mwa oyamba kuona mbali inayi anali dokotala wamba wa ku Glendale ku California, Lawrence Craven. Iye anazindikira kuti odwala ochotsedwa matonsi amene ankatafuna chingamu chokhala ndi asipirini ankataya magazi kwambiri. Anadzifunsa kuti, ngati mankhwalawa akuletsa magazi kuundana pakhosi, sangawaletsenso mumtima? Analemba za izi kuyambira mu 1950, koma akuluakulu a zamankhwala sanamulabadire, ndipo anamwalira mu 1957 maganizo ake asanavomerezedwe.

Mu 1971 John Vane wa ku London anaonetsa kuti asipirini amaletsa thupi kupanga gulu lina la timadzi totumiza uthenga, ndipo analandira mphoto ya Nobel mu 1982. Kamodzi mwa timadzi ta m'banja limeneli, thromboxane, ndiko mfuu imene mapulateleti amaitanirana. Pulateleti imene yakumana ndi asipirini imakhala yosalankhula moyo wake wonse, womwe ndi masiku 7 mpaka 10. N'chifukwa chake mamiligalamu 75 okha amakwanira, pamene wa mutu amamwa 300 kapena 600. Koma mafupa amapanga mapulateleti atsopano tsiku ndi tsiku, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi, ndipo atsopanowo amabwera ndi mfuu yawo yonse. Pamenepa ndi pamene pagona lamulo lakumwa tsiku lililonse.

Umboni womwe unagonjetsa okayika unabwera mu 1988, pa kafukufuku wa ISIS-2 yemwe anatsogozedwa ndi akatswiri a ku Oxford. Anatenga odwala oposa 17,000 amene anafika m'zipatala mtima utangotsekeka. Mwa 1,000 aliwonse osapatsidwa asipirini, pafupifupi 118 anamwalira ndi mtima kapena mitsempha m'milungu isanu. Mwa opatsidwa, anamwalira 94. Anthu 24 pa 1,000 aliwonse anabwerera kwawo chifukwa cha piritsi lotchipa kuposa mtolo wa masamba.

Pambuyo pake kunabwera clopidogrel, amene anavomerezedwa ku America mu 1997, kenako prasugrel ndi ticagrelor. Amenewa amatseka khutu lina la pulateleti kuti isamve kuitana kwa zinzake. Wodwala amene asipirini samuyanja amapatsidwa clopidogrel, ndipo amene waikidwa stent, kachitsulo konga sipuling'i kotsegula mtsempha, amamwa onse awiri, kawirikawiri miyezi 6 mpaka 12. Thupi limaona kachitsuloko ngati mlendo, ndipo mpaka mnofu utakaphimba, mapulateleti amafuna kumatirirapo. Amalawi ambiri amene ali ndi stent anakaikitsa kunja, ku India kapena ku South Africa, n'kubwera ndi chikwama cha mankhwala. Nkhawa yanga imakhala pa tsiku limene chikwamacho chatha. Clopidogrel sapezeka pachipatala chilichonse chaching'ono, ndipo kudikira malipiro a pakutha pa mwezi kungakhale kudikira kotalika kwambiri kwa munthu amene stent yake ndi yatsopano. Ayenera kusaka ena akadali ndi a milungu iwiri m'manja.

Komatu walira mvula walira matope. Mankhwala oletsa magazi kuundana mumtima amawaletsanso paliponse. Kamfuno kamachedwa kuleka, nkhama zimatuluka magazi potsuka mano, ndipo choopsa kwambiri ndi m'mimba, chifukwa asipirini amafooketsanso chitetezo cha khoma la chifu. Chimbudzi chakuda bii ngati phula, kusanza magazi kapena zinthu zonga masese a khofi, kufooka ndi chizungulire: izi si zodikira kucha. Amene ali ndi zilonda za m'mimba anene poyera, kuti dokotala awonjezere mankhwala oteteza chifu, ndipo dokotalayo ndiye asankhe, popeza omeprazole amachepetsako mphamvu ya clopidogrel. Bufeni, diclofenac ndi mowa zimakulitsa ngoziyi. Mapiritsi ena a mutu ndi chimfine a m'magolosale amakhala kale ndi asipirini, ndiye wodwala mtima akamva kuphwanya, panado ndiye bwenzi lake. Pokazula dzino kapena pokachitidwa opaleshoni, anene mankhwala amene akumwa, koma asawasiye yekha.

Pali anthu enanso amene amandidetsa nkhawa mofanana: amene sanadwalepo mtima koma amamwa asipirini tsiku lililonse chifukwa anawerenga pa WhatsApp kuti munthu akakula ayenera kutero. Kale madokotala ena ankalangizadi choncho. Mu 2018 kafukufuku wa ASPREE, wa okalamba athanzi oposa 19,000 ku Australia ndi ku America, anapeza kuti asipirini sanawawonjezere zaka za moyo wathanzi, koma anachulukitsa otaya magazi kwambiri. Mu 2022 bungwe la akatswiri lolangiza za kupewa matenda ku America linati anthu a zaka 60 kupita m'tsogolo amene sanadwalepo mtima kapena sitiroko asayambe kumwa asipirini pofuna kudziteteza.

Kwathu kuno chenjezoli ndi lolemera. Kafukufuku wa dziko lonse wa mu 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa akuluakulu atatu aliwonse m'Malawi anali ndi BP yokwera, ndipo ambiri sankadziwa. BP yosasamalidwa imaphulitsa timitsempha ta mu ubongo, ndipo asipirini amachititsa kuti magaziwo asaleke msanga. Sitiroko ili pawiri, ya mtsempha wotsekeka ndi ya mtsempha wophulika, koma pamaso zimafanana: pakamwa papotoka, mkono wagwa, mawu sakumveka. Zimasiyanitsidwa ndi makina ojambula m'mutu a CT. Choncho agogo akagwa motere, musawamwetse asipirini kunyumba, athamangitseni kuchipatala. Si matenda onse a mtima amene amafuna asipirini. Achinyamata athu ambiri amadwala mtima chifukwa cha mavalavu owonongeka ndi matenda oyambira pa zilonda za pakhosi, ndipo mtima wotero ukamagunda mosalongosoka, mankhwala ake ndi warfarin, amene amagwira ntchito mwa njira ina. Ana osakwana zaka 16 asapatsidwe asipirini popanda dokotala, chifukwa angawononge chiwindi ndi ubongo.

Pamene asipirini wa kunyumba amathandizadi ndi pamene munthu wamkulu wagwidwa ndi kulemera pachifuwa ngati wam'sanjika thumba la chimanga, ululu ukufika kumkono kapena kunsagwada, thukuta lozizira lili kamukamu. Ngati asipirini amamuyanja ndipo sakutaya magazi, atafune piritsi limodzi la mamiligalamu 300, osati kungomeza, kuti lilowe msanga m'magazi, uku ena akusaka galimoto.

Amene dokotala anam'lembera kapiritsika atadwala kale mtima, nthawi zambiri ndi ka moyo wonse. Akaiwala tsiku limodzi, mawa amwe kamodzi monga mwa nthawi zonse, asaphatikize tiwiri. Koma amene wasiya Lolemba chifukwa akumva bwino, pofika Lolemba linalo mapulateleti ake ambiri ndi atsopano, osakhudzidwa ndi mankhwala, ndipo mafuta aja akadali m'makoma a mitsempha mmene anawasiyira.