Musanalembe kalata yosiya ntchito

Anthu ambiri amandifunsa ngati n'chanzeru kusiya ntchito ya pamwezi n'kuyamba geni yawoyawo. Ine sindiletsa. Ntchito zina zimamudya munthu m'kati, moti Lolemba likamayandikira mutu umayamba kuwawa. Koma ndimawauza kuti awerengetsere kaye zimene abwana amawalipirira mwakachetechete.

Chachikulu ndi penshoni. Lamulo la 2011 linakakamiza olemba ntchito kuikapo 10 peresenti ya malipiro anu, inu n'kuwonjezera 5. Mukachoka, ya abwanayo imathera pomwepo. Banki nayonso sivuta kukongoza munthu wolandira pamwezi. Wodzilemba yekha amamufunsa chikole, ndiye ambiri amathera ku banki mkhonde kapena kwa akatapila.

Komatu ntchito ya pamwezi nayo si yodalirika mmene timaiganizira. Mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti. Wagolosale ku Limbe anakweza mtengo wa sopo m'mawa mwake, pomwe kalaliki wa mu ofesi anadikira miyezi kuti malipiro ake akwere, ngati anakwera n'komwe.

Chimene chimagwetsa ambiri oyamba geni, mmene ndimaonera ine, n'kusakaniza ndalama. Mpamba ndi phindu zimagona m'thumba limodzi. Kumudzi kukagwa maliro mumatapa momwemo, mlamu akabwera ndi vuto la fizi mumatapanso, pofika tsiku lokaoda katundu ndalama yaperewera. Ine ndimati geniyo muiyambe madzulo ndi Loweruka mukadali pantchito, muzidzilipira ndalama yokhazikika pamwezi. Ikayamba kulipira lendi payokha, kalata ija ilembeni, ndipo musaiwale notisi.